Soketi yagwera pafupi ndi sinki, tisunthe kapena tingoika matailosi?

Make Tadala (Area 49): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Tikumalizitsa kanyumba kathu kuno ku 49, ndipo Loweruka kukubwera woika matailosi m'khitchini. Lero atakhazika sinki m'pamene ndaona kuti soketi ya pawiri yagwera pamwamba penipeni pa mbali yoyanikapo mbale, mwina chikhatho chimodzi kuchoka pampopi. Swichi ya nyale nayonso ili chapomwepo. Amene anatiikira mawaya akuti palibe vuto poti soketiyo ili ndi swichi yake, tizingozimitsa tikamatsuka mbale. Bambo a kunyumba akuti tisagumulenso khoma, simenti yakwera. Koma ine mtima sukukhazikika. Ndi mantha chabe, kapena tisunthedi?

Achimwene a ku Biwi: Magetsi ake ati amayi? Omwe amabwera anthu tili mtulo aja? Isiyeni, singakupezeni muli maso.

Make Tadala (Area 49): Achimwene inu, ndafunsa zenizeni ine.

Wamatailosi wa ku Chinsapo: Za magetsi ndisanamepo, si ntchito yanga. Koma ngati n'kusuntha, sunthani ife tisanafike. Tikamata matailosi ndiye mudzati mwasintha maganizo, tidzaswa anayi kapena asanu, ndipo mukabwerera ku Malangalanga mukapeza mtundu umenewo unatha kalekale. Mudzakhala ndi chigamba pakhoma moyo wonse.

NaJere (Area 47): Ine kwanga ili chomwecho, ndinangomatapo selotepi. Nkhani inatha.

Madala Wamagetsi (Kawale): Make Tadala, sunthani. Ndifotokoze pang'ono, mundipirire, ndilemba zambiri.

Choyamba, mawu akuti muzizimitsa swichi ya pasoketi. Swichi ija imangodula magetsi opita ku mabowo a pulagi. Kuseri kwake, m'kabokosi kali m'khomamo, mawaya amakhala amoyo usana ndi usiku pokhapokha mutazimitsa buleka ku DB, bokosi la mabuleka lija. Madzi a sopo akamadonthera pamenepo tsiku ndi tsiku amalowa m'mphepete mwa chivundikiro, timasikuluu timachita dzimbiri, waya amayamba kugwedera, pamatentha, pulasitiki imada. Komanso taganizirani, muzizimitsa ndi dzanja liti? Lomwelo lonyowalo.

Chachiwiri, mtunda. Kuno mawaya timaika motsatira kachitidwe ka ku Britain, n'chifukwa chake mapulagi athu ndi a mano atatu aja okhala ndi fyuzi m'kati. Malangizo amene amisiri akumeneko amatsatira amati soketi kapena swichi italikire masentimita 30 kuchoka m'mphepete mwa sinki, poyeza chopingasa. Rula ya mwana wa sukulu ija ndi masentimita 30, kaitengeni m'chikwama cha Tadala muyeze. Muyambire kumapeto kwa mbali yoyanikapo mbale, osati pampopi. Ndipo 30 ndi pongoyambira. Ine malo akalola ndimapitirira mpaka 50 kapena 60, chifukwa masinki athu sitsukiramo makapu okha. Timatsukiramo mapoto a nsima, timatungiramo zidebe, ndipo mpopi ukakhala ndi mpweya madzi atangobwera kumene umalavula mpaka kudenga.

Soketiyo ikwerenso masentimita ngati 15 pamwamba pa sitandi yokonzerapo zakudya, kuti chingwe cha pulagi chisapindike ndiponso madzi otayikira pasitandipo asaifike. Musaithawitse kusinki n'kukaiika pamwamba pa cooker, kumeneko chingwe chidzalendewera pambale yamoto.

NaJere, selotepi ija chotsani. Nthunzi imalowabe, ndiye ikalowa siituluka msanga.

NaJere (Area 47): Iii madala, mwandiyalutsa pagulu.

Landilodi wa ku 36: Ine ndili ndi nyumba zingapo za lendi, masoketi ali pomwe anagwera, ndipo palibe anafapo. Amisiri mumakonda kuopseza anthu kuti mupeze ganyu. Kodi mabuleka aja ntchito yake n'chiyani? Chikalakwika si amagwa okha?

Aphunzitsi a ku Likuni: Bwana landilodi, funso lanulo ndi labwino, ndipo anthu ambiri amaganiza chomwecho. Tiyeni tiwerengere limodzi. Magetsi a m'nyumba zathu ndi ma volt 230. Buleka ya masoketi nthawi zambiri imakhala ya ma amp 20 kapena 32, kutanthauza kuti imagwa pokhapokha mphamvu yodutsa ikapitirira pamenepo. Tsono mu amp imodzi muli ma milliamp 1000. Munthu amayamba kumva kunyerenyetsa pa milliamp imodzi yokha. Ikafika pa 10 mpaka 20, minofu ya dzanja imakungika, munthu amalephera kusiya chimene wagwira ngakhale akufuna. Kuyambira cha m'ma 50 kupita m'tsogolo mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe kake.

Khungu louma limatchinga ndithu, n'chifukwa chake ambirife tinagwidwapo nyesi n'kungodumpha, kenako n'kuseka. Koma khungu likanyowa, makamaka ndi madzi a sopo kapena amchere, kutchinga kwa thupi kumatsika kufika pa ma ohm pafupifupi 1000. Gawani 230 ndi 1000, mupeza ma amp 0.23, omwe ndi ma milliamp 230, akudutsa mwa munthu. Imeneyo ndi yokwanira kupha, koma siikwana ngakhale theka la amp imodzi. Buleka ya ma amp 20 singamve kalikonse, kwa iyo zili ngati mwangoyatsa babu lina. Buleka ndi mlonda wa mawaya kuti nyumba isapse, si mlonda wa munthu.

Achimwene a ku Biwi: Aphunzitsi mwatibwezera ku Fomu 3 tisanadye nkhomaliro.

Landilodi wa ku 36: Nanga mlonda wa munthuyo ndi uti?

Madala Wamagetsi (Kawale): Ndi earth leakage, ena amati RCD. Kayang'aneni mu DB mwanu, imakhala yotambalala kuposa mabuleka enawo, ili ndi kabatani kolembedwa T kapena Test, ndipo pamalembedwa 30mA. Iyo imayerekeza magetsi amene atuluka pa live ndi amene abwerera pa neutral. Akasiyana ndi ma milliamp 30, ndiye kuti ena athawira kwina, mwina kudzera mwa munthu, ndipo imadula sekondi isanakwane. Kabatani kaja muzikadina pakatha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Mukadina, magetsi azime nthawi yomweyo. Akapanda kuzima, chinthucho chinafa kapena wina anachilambalala.

Kunena zoona Make Tadala, ndikanakhala ndi ndalama yochitira chinthu chimodzi chokha, ndikanayamba ndi earth leakage ndi waya wa earth, uja wotenga magetsi othawa n'kupita nawo pansi, kusuntha soketi pambuyo. Koma inu khoma likadali lopanda matailosi, chitani zonse.

Make Tadala (Area 49): Ndapita kukaona. Ilipo, yalembedwa 30mA. Ndadina, zazima. Bambo ake Tadala anali akutchaja foni, andiyang'ana moipa.

NaBanda (Area 25): Pepani ndilowerere ndi yanga. Ine ndimachita lendi nyumba yakumbuyo. Sinki yathu ndi yachitsulo, ndiye nthawi zina ndikamatsuka mbale ndimamva kunyerenyetsa m'zala, makamaka ngati ndili ndi kabala kapena sindinavale silipasi. Sizipweteka kwenikweni. Ana ndinawauza kuti azivala nsapato akamatsegula mpopi. Eni nyumba akuti ndi mmene imachitira nyumbayi nyengo ya mvula. Soketi ili kutali ndithu ndi sinki, ndiye sindikumvetsa.

NaJere (Area 47): Zimenezo zimachitika m'nyumba zambiri, kwa achemwali anga shawa imatero.

Madala Wamagetsi (Kawale): NaBanda, yanuyi ndi yoopsa kuposa ya Make Tadala, ndipo musadikire mawa. NaJere, achemwali anuwo muwaimbire lero lomwe. Sinki kapena mpopi suyenera kunyerenyetsa ngakhale pang'ono, mvula kaya dzuwa. Zikatero ndiye kuti pali chinthu chimene chikutayira magetsi pachitsulo, ndipo earth imene imayenera kuwatenga palibe kapena inaduka. Lero mukumva pang'ono chifukwa chotchinga cha waya chikadali chongong'ambika. Tsiku limene chidzatheretu simudzalandira chenjezo.

Ndifunseko. Muli ndi giza? Mapaipi ndi achitsulo kapena apulasitiki? Magetsi anu ali ndi mita yawoyawo kapena amachokera kunyumba yaikulu?

NaBanda (Area 25): Giza ili kunyumba yaikulu, ife tilibe. Mapaipi ndi achitsulo akalekale aja. Magetsi amachokera kunyumba yaikulu, timasonkherana mayunitsi. Waya wake ndi woyera wopyapyala, anadutsitsa pamwamba pa mpanda.

Madala Wamagetsi (Kawale): Ndimayembekezera yankho lomwelo. Nyumba zakumbuyo zambiri mu Lilongwe muno anazikokera magetsi ndi waya wa mitsempha iwiri, live ndi neutral basi. Masoketi amaoneka abwinobwino, mabowo atatu, koma bowo lapamwambalo kuseri kwake kulibe kanthu. Ndiye pali njira ziwiri. Mwina element ya giza ya kunyumba yaikulu, chitsulo chotenthetsa madzi chija, inaboola, magetsi akuyenda m'paipi yachitsulo mpaka pampopi wanu. Kapena ndi chipangizo chanu chomwe, firiji kapena hotipuleti yokhudzana ndi sinki kapena yokhala pasitandi yonyowa. Kuti tidziwe pamafunika mita yoyezera, osati dzanja. Chonde musamayese ndi chala kuti muone ngati zasiya.

Pakadali pano zulani mapulagi onse m'khitchinimo, pemphani eni nyumba azimitse buleka ya giza, ana asayandikire sinki, mbale tsukirani m'beseni panja. Silipasi yonyowa musaidalire.

Landilodi wa ku 36: Apa pokha ndavomereza. Zoti mpopi uzigwira anthu nyesi, ayi.

Mnyamata wa ku Technical: Madala, ndiwonjezereko zomwe tikuphunzira. Mapaipi achitsulo a madzi amayenera kulumikizidwa ku earth ya nyumba ndi waya wobiriwira ndi chikasu uja. Komanso ndodo ya earth imene imakhomedwa pansi panja, ambiri saiyang'ananso. Ena waya wake anadulidwa ndi khasu polima maluwa, ena anaba anyamata ogula kopa.

Madala Wamagetsi (Kawale): Wanena bwino mphwanga. Uwonjezerenso kuti mu Okutobala nthaka ikauma gwaa, ndodo yofupika siigwira bwino ntchito. N'chifukwa chake timayeza, sitingoona ndi maso kuti ndodo ilipo.

Bambo a Chiso (Area 23): Inetu earth leakage yanuyo inanditopetsa. Mayi akangoyatsa hotipuleti, thi! nyumba yonse mdima. Mpira uli pakati, thi! Ndinaitana mnyamata wina anailumpha ndi kawaya, pano tili pamtendere.

Aphunzitsi a ku Likuni: Bambo a Chiso, ndiye kuti munachotsa chinthu chokhacho chimene chimakuuzani zoona m'nyumbamo.

Madala Wamagetsi (Kawale): Akulu, hotipuleti yanuyo ndi imene ili ndi vuto. Phala la nsima likamasefukira, madzi a nyemba akamatayikira, zimalowa pansi pa mbale zija n'kudya chotchinga cha element. Magetsi amayamba kuthawira pachitsulo cha hotipuletiyo, earth leakage imaona, n'kudula. Pano mwailumpha, magetsi othawawo akadalipo, akungodikira mayi a Chiso agwire poto ndi dzanja lina, lina lili pampopi. Kachotseni kawayako. Kupeza cholakwa n'kosavuta: zulani zonse, kwezani earth leakage, muzibwezera chimodzichimodzi. Chimene igwere ndi chomwecho. Kawirikawiri ndi hotipuleti, ketulo, ayironi kapena giza. Element yatsopano ndi yotchipa kuposa zimene mukuziputazo.

Bambo a Chiso (Area 23): Mwandiopseza madala. Ndikaweruka ndikaona.

Admin: Amene mwaponya chithunzi cha mbatata za ku Ntcheu ndachotsa. Malonda ndi Lachisanu, tinagwirizana.

Make Tadala (Area 49): Madala, bambo a kunyumba awerenga zonse pafoni yangayi, avomera. Koma akufunsa kuti kusunthako ndiye kugumula khoma lonse? Mmisiri wathu akuti angolumikiza waya wina pomwe pali soketipo, akulunge tepi, atseke ndi simenti, matailosi pamwamba.

Madala Wamagetsi (Kawale): Ayi, zimenezo musalole. Mfundo ya tepi yokwiriridwa m'simenti kuseri kwa sinki, pamalo ponyowa kale, ikadzayamba kutentha mudzaipeza bwanji? Ngati mawaya anadutsa m'mapaipi apulasitiki aja, ntchito yake ndi yochepa. Asema kamzere kopingasa kuchoka pakabokosi kakale kufika pamalo atsopano, aika paipi, akoka waya watsopano wa saizi ya 2.5 wopanda mfundo. Zikavuta kukoka, mfundoyo ikhale ya ma connector m'kabokosi, atseke ndi chivundikiro chopanda mabowo chomwe chingatsegulidwe, osakwirira. Simenti yake siikwana ndi theka la thumba lomwe.

Swichi ya nyale ipite pafupi ndi chitseko, pamene munthu amafikira akamalowa manja ali ouma. Ndipo aonetsetse kuti swichi ikudula live, waya wofiira m'nyumba zakale kapena wabulauni m'zatsopano. Ndimapeza nyumba zina swichi anaiika pa neutral, nyale imazima bwinobwino koma pa holder magetsi alipobe, munthu akusintha babu ataimirira pasinki.

Matailosi asanamatidwe, jambulani khomalo ndi foni. Tsiku lina mudzafuna kukhoma shelefu ya mbale, mudzadziwa modutsa mawaya. Osaboola khoma molunjika pamwamba, pansi kapena m'mbali mwa soketi.

Wamatailosi wa ku Chinsapo: Ndiye auzeni a matailosi anuwo abwere Lolemba kapena Lachiwiri, pulasitala wa pamzerepo ayambe wauma.

Make Tadala (Area 49): Ndawaimbira kale. Zikomo nonse.

Mayi Busa (Area 18): Ine funso langa ndi la ekisitenshoni. Khitchini yathu ili ndi soketi imodzi yokha, kuseri kwa chitseko. Ndiye ndinakoka ekisitenshoni kufika pasitandi pafupi ndi sinki, pamene pamakhala ketulo, hotipuleti ndi rice cooker. Pulagi yake imatentha moti sungaigwire, ndipo pena imanunkha ngati nsomba.

Aphunzitsi a ku Likuni: Amayi, fungo limenelo ndi pulasitiki ikupsa. Pulagi ya mano atatu malire ake ndi ma amp 13, pafupifupi ma watt 3000. Ketulo yokha imadya ma watt 2000 kapena kuposerapo, amenewo ndi ma amp ngati 9. Hotipuleti ya mbale ziwiri mukayatsa zonse ndi enanso 9 kapena 10. Mwadutsa kale malire rice cooker tisanaiwerenge. Fyuzi siipsa nthawi yomweyo mukadutsa malire pang'ono. Komabe tsegulani pulagiyo muone, mwina wina anakulungamo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya.

Madala Wamagetsi (Kawale): Ndipo maekisitenshoni otchipa ambiri mukawasenda mupeza timawaya tating'ono ngati ulusi, ena waya wa earth mulibiretu. Ekisitenshoni yogona pasitandi mabowo ali m'mwamba ndi yoipa kuposa soketi ya pakhoma, chifukwa madzi akatayika amangolowa. Choopsa china ndi ichi: madzi akasiya timasiya mipopi yotsegula kuti timve akabwera, magetsi akazima timaiwala kuzimitsa hotipuleti. Zonse zikabwerera 2 koloko usiku, sinki yasefukira, ekisitenshoni ili m'madzi pansi, munthu akudzuka wopanda nsapato kuthamangira kukatseka mpopi. Zikakuchitikirani, yambirani ku DB, zimitsani main switch, kenako mulowe m'khitchini.

Mayi Busa, itanani mmisiri akuikireni masoketi awiri apakhoma. Pakadali pano ketulo ndi hotipuleti zisayake nthawi imodzi, ndipo pulagi yopsayo isinthidwe.

Achimwene a ku Biwi: Nanga ife oika mawaya awiri m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, tilankhule kapena tingokhala chete?

Madala Wamagetsi (Kawale): Khalani chete achimwene, mukagule pulagi.

Anesi (Area 18): Ndakhala ndikuwerenga ndili pantchito, ndiikepo mbali yanga. Munthu akagwidwa nyesi musamugwire ndi manja, mugwidwa nonse. Thamangirani kukazimitsa main switch, ndipo aliyense m'nyumba, ngakhale wantchito ndi ana okulirapo, adziwe pamene ili. Ngati simungaifike, mukankheni ndi mtengo wouma, monga mpini wa tsache, inuyo mutaima pouma. Akachoka pamagetsi onani ngati akupuma. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, dinani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka, wina akufuna galimoto. Pamene wapsa thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira.

Amene anakomoka, akumva kupweteka pachifuwa, mtima ukuthamanga, wapsa, mwana, kapena mayi woyembekezera, apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Bala la magetsi limaoneka laling'ono kunja koma m'kati lawononga.

NaJere (Area 47): Anesi, zoti azimwa mkaka zija?

Anesi (Area 18): Mkaka suchotsa magetsi m'thupi, ndipo munthu amene sanatsitsimuke bwino musamumwetse chilichonse, angatsamwe.

Mnyamata wa ku Technical: Komanso soketi ikayaka moto osathira madzi magetsi asanazimitsidwe. Zimitsani kaye ku DB.

NaBanda (Area 25): Ndabwera ndi lipoti. Eni nyumba nditawaonetsa zomwe mwalembazi anazimitsa giza, ndipo madzulo ano anabwera ndi mmisiri. Wayeza ndi mita yake, akuti element ya giza inaboola, waya wa earth wa gizayo sanalumikizidwe n'komwe, ndipo kunyumba kwathu kuno earth kulibe. Akuti pakufunika waya watsopano wa mitsempha itatu kuchokera kunyumba yaikulu, ka DB kathu kokhala ndi earth leakage, ndi ndodo. Tsono eni nyumba akuti giza akonza okha, koma zinazo tigawane pakati chifukwa ogwiritsa ntchito ndife.

Madala Wamagetsi (Kawale): Mmisiriyo wanena zoona. Mumufunse ngati ali ndi chiphaso cha MERA, ndi amene amapereka zilolezo kwa oika magetsi. Musachite manyazi, mmisiri weniweni sakwiya nazo. Akamaliza ayeze earth inu mukuona, adinenso kabatani ka Test. Kumbukiraninso kuti ESCOM imalekezera pamita, za m'kati mwa nyumba ndi udindo wa mwini nyumba.

Aphunzitsi a ku Likuni: Ndiye mwayankha kale za kugawanazo. NaBanda akadzasamuka adzanyamula DB?

Landilodi wa ku 36: Aphunzitsi musatiweruze msanga. Lendi ya nyumba yakumbuyo ndi ndalama zingati? Waya wa mitsempha itatu mamita 30 mukudziwa mtengo wake panopa? Ine ndikanati alendi agule, tizidula pa lendi mwezi ndi mwezi mpaka ithe.

NaBanda (Area 25): Zodula pa lendizo ndingavomere, bola tilemberane. Koma iwo akuti theka langalo silibwerera.

Mayi Busa (Area 18): Musavomere pakamwa pokha mwanangu. Mukhale pansi ndi mboni, malisiti musunge inuyo.

Landilodi wa ku 36: Apatseni nambala yanga ku inbox eni nyumba anuwo, tikambirane ife tokhatokha malandilodi. Mwina andimvera ine.

NaBanda (Area 25): Ndiwauza mawa m'mawa. Lero mbale tatsukira panja, ndipo giza ikadali yozimitsa, ana awo akudandaula madzi ozizira.